Musanatumize dola ku fakitale ya nsapato, dulani peyala imodzi pakati

Ndimagulitsa nsapato pafupi ndi msika wa Kapata muno mu Chipata, ndipo zambiri ndi za ana a sukulu. Kwa zaka ndithu ndinkaoda ku Kamwala ku Lusaka, nthawi zina ku Nakonde, mpaka tsiku lina nditakhala pansi ndi cholembera ndinaona kuti pa peyala iliyonse pamadya anthu atatu kapena anayi ine ndisanalaweko. Ndi mmene ndinayambira kusakasaka fakitale yeniyeni kunja.

Oda yanga yoyamba inali makatoni 50, katoni iliyonse mapeyala 12. Nsapato zake zinali zowala ngati galasi. Sukulu zitatsegulira mu Januwale ndinagulitsa pafupifupi theka m'milungu iwiri, ndipo ndinayamba kuyenda mothimbwidzika. Nc'wala isanafike, azimayi anayamba kubwera ndi nsapato m'mapulasitiki zitayasama ngati ng'ona za ku Luangwa. Mayi wina wa ku Mchini anangoziika pa kauntala n'kunena kuti, "Amayi inu, timapemphera limodzi, ndiye mwatigulitsa nsapato kapena makatoni?" Ndinabweza ndalama kwa ambiri. Zimene ndikulemba panozi ndi zimene ndimachita kuyambira pamenepo.

Poyamba dziwani nsapato imene mukufuna, chifukwa ku China mzinda uliwonse uli ndi nsapato yake. Zamasewera zimachokera kwambiri ku Jinjiang ndi ku Putian m'chigawo cha Fujian. Jinjiang ndi kwawo kwa makampani a nsapato zamasewera a Anta ndi 361°. Zachikopa za abambo, funsani ku Wenzhou m'chigawo cha Zhejiang. Za amayi zimapangidwa kwambiri ku Chengdu ndi ku Huidong, ndipo Dongguan ili ndi mafakitale akuluakulu osokera makampani a ku Ulaya ndi ku America. Ku India, Agra ndi Kanpur ndi malo a chikopa. Ku Vietnam kuli mafakitale amene amasokera Nike ndi Adidas, koma amenewo ife a makatoni 50 sangatiyankhe n'komwe. Ndikutchula mizindayi chifukwa nthawi zambiri dzina la kampani ya ku China limayamba ndi dera limene inalembetsedwa. Munthu akamati ali ndi fakitale ya nsapato zamasewera koma adiresi yake ili pa nsanjika ya 20 pakati pa Guangzhou, ameneyo ali ndi ofesi, osati makina.

Kukhala mkhalapakati si mlandu. Ena ndi abwino, ndipo kwa munthu wofuna masitayelo asanu pang'onopang'ono amathandiza kuposa fakitale. Vuto ndi mkhalapakati wodzitcha fakitale, chifukwa nsapato zikamatuka alibe mphamvu yokonzetsa, ndipo pa oda yachiwiri akhoza kukasoketsa kwina osakuuzani. Ine ndinagwa m'manja mwa mkhalapakati wotero.

Ndiye mukapeza ogulitsa pa misika ya pa intaneti ya Alibaba kapena Made-in-China, pemphani chithunzi cha laisensi ya kampani. Imakhala m'Chitchaina, koma foni imamasulira mukaloza kamera. Pamakhala nambala ya zilembo ndi manambala 18, dzina la kampani, chaka chimene inayamba, ndi mndandanda wa ntchito zimene inaloledwa kuchita. Pamenepo fufuzani mawu onena za kupanga nsapato. Mukangoona kugulitsa ndi kutumiza kunja basi, mwadziwa amene mukulankhula naye. Nambala ija mukhoza kuifufuza pa kaundula wa makampani wa boma la China pa intaneti, National Enterprise Credit Information Publicity System. Amavuta kutseguka kuno, ndiye ine ndimapempha mwana wa achemwali anga amene amaphunzira kumeneko kuti andionere.

Kenako imbani foni ya vidiyo pa WeChat, amene ali ngati WhatsApp ya ku China, osapangana nthawi. Iwo ali patsogolo ndi maola 6, choncho 8 koloko m'mawa kuno ndi 2 koloko masana kwawo, makina ali mkati mogwira ntchito. Auzeni atuluke panja akuonetseni chikwangwani cha pageti, alowe mmene amadulira chikopa, mmene amasokera, ndi pamene amamatira soli. Wa fakitale amangodzuka n'kuyenda, phokoso n'kumveka. Winayo amati bwana watuluka, tiimbe mawa.

Tsopano nkhani ya sampulo, imene ndi mtima wa zonse. Sampulo ilipireni, ndipo musadandaule kuti peyala imodzi ndi ndalama ya DHL zikuposa mtengo wa katoni yathunthu. Ine ndimaitanitsa mapeyala anayi a sitayelo imodzi.

Yoyamba ndimapita nayo kwa mdala wina wosoka nsapato pansi pa mtengo kuseri kwa msika, kuti aidule pakati ndi mpeni kuchokera kuchala mpaka kuchidendene. Tsiku loyamba anandiyang'ana ngati ndapenga. "Mwana wanga, nsapato yatsopano?" Koma iye ndi amene anandionetsa chimene chinapha makatoni anga 50 aja. Ulusi umene unkaoneka kuzungulira soli sunali ulusi ayi, chinali chithunzi chabe choumbidwa pa pulasitiki, ndipo mkati munali katoni yopyapyala yomatidwa ndi guluu wochepa ngati wa pa envelopu. Nsapato ikadulidwa sinama. Mumaona ngati pamwamba pali chikopa cha ng'ombe, kapena chikopa chong'ambidwa chokutidwa ndi pulasitiki chimene amachitcha action leather, kapena nsalu yopakidwa pulasitiki yotchedwa PU imene imasupuka ngati khungu la njoka. Wogulitsa akalemba kuti "PU leather" musamve mawu achiwiriwo okha, mulibe ng'ombe mmenemo. Mumaonanso ngati chidendene chili ndi cholimbitsa, komanso ngati soli ndi yodzaza kapena ya mphako.

Soli nayo ifunseni ndi dzina. Labala ndi yolemera koma imapirira miyala. TPR ndi yapakatikati ndipo ndi imene ndimakonda pa nsapato za sukulu. PVC ndi yotchipa, imauma n'kusweka pamene phazi limapinda. EVA ndi yopepuka, yabwino pa mapatapata, koma imatha msanga. PU ndi yofewa bwino, koma ili ndi matenda ake: ikakhala nthawi yaitali m'sitolo motentha ndi mwa chinyezi, imayamba kunyenyeka ngati chikondamoyo ngakhale isanavalidwepo. Kwa ife amene katundu wotsala mu Febuluwale amadikira mpaka chaka chamawa, zimenezo si zazing'ono.

Peyala yachiwiri ndimapatsa mdzukulu wa alongo anga amene amayenda wapansi kupita kusukulu kudutsa m'matope ndi m'miyala, ndipo pobwera amamenya mpira wa mapulasitiki osavula. Ndimamuuza kuti asaisamale. Ikatha milungu itatu osayasama, ndiye kuti tikhoza kukambirana za mtengo. Mapeyala awiri otsalawo ndimasaina pa soli ndi cholembera chosafufutika n'kulemba tsiku. Imodzi ndimabweza ku fakitale, ina ndimatsekera m'kabati. Imeneyo ndi mboni yanga. Katundu akadzabwera wosiyana, sitikangana za zithunzi za pa foni.

Pali chinthu china chimene ambiri timachiphonya: phazi lathu. Nsapato imaumbidwa pa chikombole chooneka ngati phazi, ndipo zikombole zambiri za ku China ndi zopyapyala. Mwana wa ku Chadiza kapena ku Vubwi amene wakulira m'mapatapata ali ndi phazi lotambalala ndi lokwera pamwamba. Mukamupatsa 36 ya chikombole chopyapyala imamuluma m'mbali, mayi ake n'kugula 38, mwana n'kumayenda ngati wavala bwato. Ine ndinajambula mapazi a ana a oyandikana nawo pa mapepala, makolo awo atavomera, n'kuyeza ndi rula utali ndi mulifupi, n'kutumiza manambalawo. Musamangonena kuti "saizi 36". Nenani utali wa mkati mu mamilimita, chifukwa masaizi a ku Ulaya amasiyana ndi mamilimita pafupifupi 6.7, a ku Britain amene tinazolowera pa nsapato za Bata amasiyana ndi pafupifupi 8.5, ndipo ku China alinso ndi kawerengedwe kawo. Muwauzenso nokha kasakanizidwe ka masaizi mu katoni. Mukawasiyira, adzakudzazirani masaizi ang'onoang'ono amene kuno sayenda.

Zonsezi zilembedwe pa pepala limodzi ndi invoisi: mtundu wa chikopa ndi kukhuthala kwake, mtundu wa soli, kusoka kapena kumata, kulemera kwa peyala imodzi, masaizi, tsiku lomaliza ntchito, ndi timapaketi toyamwa chinyezi m'bokosi lililonse. Kontena imakhala panyanja mwezi kapena kuposa, ndipo chikopa chimachita chuku. A fakitale adinde papepalapo chidindo chawo chofiira, chifukwa kwawo chidindo ndi chimene chimamanga kampani. Ndipo musalole kuti akuikireni chizindikiro cha Nike kapena Adidas, ngakhale atanena kuti ndi chaulere. Katundu wa chizindikiro chakuba akhoza kulandidwa pa boda, inu n'kutsala ndi ngongole yokha.

Mafakitale amafuna mapeyala mazana angapo pa sitayelo ndi mtundu umodzi. Mukasankha soli imene ali nayo kale chikombole chake, nambalayo imatsika ndipo simulipira chikombole chatsopano. Ine ndimaphatikizana ndi anzanga awiri, wina wa ku Katete wina wa ku Lundazi, kuti tisalimbirane makasitomala.

Pa malipiro, chizolowezi ndi 30 peresenti poyamba, 70 peresenti katundu akatha koma asanakwere sitima. Wofuna zonse patsogolo musiyeni. Mayina atatu afanane: la pa laisensi, la pa invoisi, ndi la pa akaunti ya kubanki. Akakupatsani akaunti ya munthu, kapena akati tumizani pa Western Union, imani kaye. Mafakitale ena enieni amalandirira ndalama ku kampani yawo ya ku Hong Kong kapena kwa ajenti wotumiza katundu kunja, ndipo zikatero pemphani kalata yodindidwa yonena zimenezo. Imelo ikabwera mwadzidzidzi yonena kuti akaunti yasintha, imbani vidiyo muone nkhope ya munthu amene mumamudziwa, chifukwa akuba amalowa m'maimelo a makampani n'kusintha nambala zokha. Pa oda yoyamba kulipira kudzera mu Trade Assurance, njira ya Alibaba yotetezera wogula, kumakupatsani pokadandaula, bola zonse zimene munagwirizana zikhale zolembedwa mkati mwa oda yomweyo, osati pa WeChat pokha.

Musanatulutse 70 peresenti ija, tumizani munthu akatsegule makatoni. Alipo makampani a ntchito imeneyi monga SGS, Bureau Veritas, Intertek ndi QIMA. Amasankha okha makatoni, amayeza masaizi, amapinda ndi kukoka soli, amawerenga zolakwika, n'kukutumizirani lipoti la zithunzi. Ndi madola mazana ochepa pa tsiku. Nthawi yoyamba ndinakana ndalama imeneyo poganiza kuti ndikupulumutsa, ndipo munamva kale mmene zinathera. Fakitale yokana kuti woyendera alowe yakuyankhani kale funso lanu lonse.

Mtengo umene akupatsani funsani ngati ndi EXW, wa pageti la fakitale, kapena FOB, wofikitsa katundu m'sitima pa doko la kwawo. Ine ndimakonda FOB, n'kupeza ndekha wonyamula. Katundu wathu amatsikira ku Dar es Salaam n'kulowera pa Nakonde, kupita ku Lusaka, kenako makilomita oposa 550 a Great East Road. Palinso njira ya ku Beira yolowera pa Chanida, ndi ya ku Nacala yodutsa m'Malawi n'kulowera pa Mwami, imene pa mapu ili pafupi kwambiri ndi ife. Funsani mitengo ya zonse musanasankhe. Khalani ndi TPIN, nambala ya wokhoma msonkho ya ku ZRA, ndipo pezani ajenti wovomerezeka wotulutsa katundu pa kasitomu musanaode, osati katundu atafika. Nsapato zili mu chaputala 64 cha buku la msonkho, ndipo nambala yeniyeni imadalira chapamwamba ndi soli, ndiye mupatseni ajentiyo pepala lija akuwerengereni. Msonkho amawerengera pa mtengo wa katundu pamodzi ndi mayendedwe ndi inshuwalansi, ndipo VAT ya 16 peresenti imakwera pamwamba pa zonsezo. Onjezaniponso kanthu ka kwacha, chifukwa pakati pa malipiro oyamba ndi omaliza dola siikhala pamodzi.

Kalendala yanga imayambira kumbuyo. Nsapato za Januwale ziyenera kukhala m'sitolo Disembala asanafike pakati. Kusoka kumatenga mwezi kapena mwezi ndi theka, panyanja mwezi ndi kuposa, pamsewu ndi pa boda milungu ina. Choncho ng'oma za Kulamba zikamalira ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti, 30 peresenti yanga imakhala itapita kale. Kumbukirani kuti kuyambira pa 1 Okutobala amakhala pa tchuthi sabata yathunthu, ndipo pa Chaka Chatsopano chawo, kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale, mafakitale amatseka milungu ingapo n'kutsegula ndi antchito ena atsopano. Oda yosokedwa mothamangira tchuthi chimenecho ndimaiopa.

Amene thumba likulola, pitani ku chionetsero cha zamalonda cha Canton Fair ku Guangzhou. Imachitika kawiri pa chaka, Epulo mpaka Meyi ndi Okutobala mpaka Novembala, ndipo nsapato zimakhala m'gawo lachitatu, lomaliza. Ndege ya Ethiopian imakufikitsani kudzera ku Addis Ababa. Koma pachionetsero aliyense amabweretsa nsapato yake yabwino koposa, ndiye mukatenga makhadi mukwerenso sitima mukaone fakitale ndi maso.

Fakitale imene ndili nayo pano ndaodako kanayi. Pa oda yachitatu ndinatulutsa peyala yosainidwa ija m'kabati n'kuiika pa sikelo pamodzi ndi yatsopano, ndipo yatsopano inapepuka. Mdala wanga ataidula tinapeza kuti soli aichepetsa mkati. Ndinatumiza chithunzi cha sikelo ndi cha mpeni, anapepesa, n'kudula mtengo pa oda yotsatira, ndipo yachinayi inabwera yolemera ngati kale. Makatoni a chaka chino akuyembekezeka kufika mu Novembala, ndipo mdala uja ndamuuza kale anole mpeni.