Mmene mungakonzere chimbale cha jazz chokhazika mtima pansi

Mu 2009 woliza lipenga wa ku South Africa, Hugh Masekela, adatulutsa chimbale chotchedwa Phola, ndipo yemwe adayendetsa ntchito yochijambula anali Erik Paliani, katswiri wa gitala wochokera ku Malawi. Dzina la chimbalecho si lachilendo m'khutu la Mchewa, pakuti nafenso timati bala lapola. Ngati mukufuna kukonza chimbale cha jazz chothandiza munthu kupola mumtima, yambani mwadziwa amene adzachimvere: kaya ndi wodwala amene wagona pabedi masabata angapo, kaya ndi namfedwa amene tulo tamuthawa, kaya ndi munthu wongotopa ndi ntchito. Onsewa ali ndi khutu losachedwa kutopa.

Nkhani ya Melody Gardot, woimba jazz wa ku America, imaonetsa chifukwa chake. Mu 2003 mtsikanayu adagundidwa ndi galimoto ali pa njinga mumzinda wa Philadelphia, navulala m'mutu ndi m'chiuno, kotero kuti phokoso ndi kuwala zidayamba kumuzunza. Dokotala wake adamulimbikitsa kuti agwiritse ntchito nyimbo pochira, ndipo iye adaphunzira kuliza gitala ali chogona. Nyimbo zimene adayamba kupeka pamenepo n'zofatsa, za mawu apansipansi, chifukwa thupi lake silikadapirira zaphokoso. Pojambula, ganizirani womvera wotere.

Choyamba kusankha ndi liwiro la nyimbo. Mtima wa munthu wamkulu akapumula umagunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi, choncho nyimbo zambiri za m'chimbalecho zikhale chakumunsi kwa mlingo umenewu, zizigunda ka 60 mpaka 80 pa mphindi, kuti womvera azipuma pang'onopang'ono osakokedwa ndi ng'oma.

Zida zikhale zochepa. Piyano, besi yaikulu ya zingwe zinayi, ng'oma ndi chida chimodzi chouzira n'zokwanira. Wa ng'oma asiye timitengo ndipo atenge timaburashi ta waya, timene timangokhwaya pachikopa ngati tsache pabwalo m'mamawa. Wa lipenga aike chotsekera kukamwa kwa lipengalo, kapena atenge lipenga la mtundu wina lotchedwa flugelhorn, limene Masekela ankalikonda, chifukwa mawu ake ndi ofewa kuposa a lipenga wamba. Koma chovuta kwambiri, ndipo apa ndi pamene oimba aluso ambiri amaphonya, ndi kuvomera kukhala chete. Munthu amene wataya zaka akuphunzira kuthamangitsa zala amafuna kuti anthu amve luso lakelo, komabe womvera wotopa amapumira pa mpata umene uli pakati pa mawu a zida. Uzani woimba aliyense kuti alize theka la zimene akufuna kuliza.

Jambulani onse pamodzi m'chipinda chimodzi, akuonana maso. Chimbale cha Miles Davis, woliza lipenga wa ku America, chotchedwa Kind of Blue chidajambulidwa masiku awiri okha, pa 2 Malichi ndi pa 22 Epulo 1959, mu situdiyo ya kampani ya Columbia ku New York imene kale inali tchalitchi. Davis adapatsa anzake mafupa chabe a nyimbo iliyonse, osati zonse zolembedwa, ndipo sankasinthasintha makodi (magulu a manotsi olizidwa pamodzi) pafupipafupi monga ankachitira oimba jazz ambiri a nthawiyo. Tengeranipo phunziro: musabwereze nyimbo imodzi kakhumi, chifukwa ikafika pamenepo oimba amakhala akuopa kulakwa, ndipo mantha amamveka.

Posanja nyimbo, tsatirani njira ya akatswiri othandiza odwala ndi nyimbo, ntchito imene idakula m'zipatala za asilikali ku America panthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo maphunziro ake a digiri adayambira ku sukulu ya ukachenjede ya Michigan State mu 1944. Iwo amayamba ndi nyimbo yofanana ndi mmene wodwalayo akumvera, kenako n'kumatsika naye pang'onopang'ono. Motero nyimbo yoyamba ikhale ndi kamoyo pang'ono, ndipo yofatsa kuposa zonse ikhale kumapeto. Mphindi 40 kapena 45 n'zokwanira. Pachikuto musalembe kuti chimbalecho chimachiza matenda, pakuti nyimbo zimachepetsa nkhawa ndi kuthandiza munthu kupirira ululu, koma sizilowa m'malo mwa mankhwala.

Posakaniza mawu pa kompyuta, musalole kuti zonse zikwezedwe mofanana monga zimakhalira nyimbo zovinira; pofatsa pakhale pofatsa ndithu, ndipo kupuma kwa woliza lipenga musakufufute. Mukamaliza, dikirani usiku, zimitsani magetsi, tsitsani voliyumu kwambiri, mumvere chimbale chonse pa kasipika ka foni, popeza odwala ambiri adzamvera pa chimenecho. Paliponse pamene mwadzidzimuka kapena mwatambasula dzanja kuti muchepetse mawu, lembani mphindi yake papepala, ndipo m'mawa mubwerere mu situdiyo mukakonze pomwepo.