Musanasasule denga, yambani mwakonza za inshuwalansi

Nyumba imakhala pangozi kwambiri pamene denga lachotsedwa, zitseko sizinaikidwe, ndipo matumba a simenti ndi mawaya a magetsi zili pamtetete. Zimandimvetsa chisoni kuti nthawi imeneyi ndi yomwe ambiri amakhala osatetezedwa, ngakhale amene amalipira inshuwalansi chaka ndi chaka.

Choyamba, mmisiri asanagumule khoma, lemberani kampani yanu ya inshuwalansi kuidziwitsa za ntchitoyo. Inshuwalansi ya masiku onse ya nyumba kawirikawiri silipira zowonongeka pomanga, ndipo mapangano ambiri amachepetsa chitetezo nyumba ikakhala yopanda munthu masiku opitirira 30 kapena 60. Mukasamuka mwakachetechete, mudzazidziwa izi moto utazima kale.

Kenako funsani inshuwalansi ya ntchito yomanga, imene makampani ambiri amaitcha Contractors' All Risks. Imeneyi imalipira pakagwa moto, mphepo yamkuntho, madzi osefukira kapena akuba akathyola n'kutenga zipangizo. Gwirizanani ndi kontrakitala kuti aigule ndani, ndipo mulembe zimenezi mumgwirizano wanu. Akanena kuti ali nayo kale, musangomvera pakamwa. Gwirani chikalatacho m'manja, muone tsiku lomwe chikutha, mupemphenso kuti dzina lanu lilembedwepo. Funsaninso ngati chikuteteza ogwira ntchito komanso anthu ena, chifukwa njerwa ikhoza kugwera munthu wodutsa, kapena dzenje la maziko kung'ambitsa khoma la oyandikana nawo.

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa: mtengo umene mukutchula ku kampani ya inshuwalansi. Tchulani ndalama zomangira nyumba yonse mpaka kutha, osawerengera mtengo wa malo. Mukatchula theka pofuna kulipira zochepa, kampani nayonso idzakupatsani theka la zimene zawonongeka, ngakhale litapsa khitchini lokha. Dziwaninso kuti pali gawo limene mumalipira nokha pa ngozi iliyonse, ndiponso kuti kukonzanso ntchito imene mmisiri waigwira molakwika sikulipiridwa.

Sungani malisiti onse, ndipo sabata iliyonse jambulani ntchitoyo pafoni, kuphatikizapo mulu wa malata ndi loko wa posungira katundu.

Ntchito ikachedwa, wonjezerani nthawi ya inshuwalansi isanathe. Ntchitoyo ikatha, bwererani ku inshuwalansi ya masiku onse, koma pa mtengo watsopano wa nyumbayo.