Zocita ngati SpamAssassin siitsatila zosankha zimene munasunga mu database

Malangizo awa ni a inu amene muyang'anila seva ya maimelo, ndipo zosankha za munthu aliyense munaziika mu MySQL kapena PostgreSQL, koma SpamAssassin, fyuluta ya spam, icita monga kuti mulibe kanthu.

Yambani mwa kutsegula imelo imodzi imene yafika, muone mzele wa X-Spam-Status. Ngati munthu munam'ikila required_score 8 (mapointi amene imelo ifunika kufika kuti iyesedwe spam) koma mzelewo uonetsa required=5.0, ndiye kuti zosankha zake sizinawelengedwe n'komwe. Nambala ya 5.0 ndiyo imene pulogilamu imabwela nayo.

Nthawi zambili vuto silikhala mu database, koma pa dzina. Ni spamd cabe, pulogilamu ya SpamAssassin imene imayenda nthawi zonse pa seva, imene imafunsa database. Lamulo la spamassassin mukalilemba palokha silifunsa. Conco onetsetsani kuti spamd yayatsidwa na -q komanso -x. Ndiyeno onani dzina la munthu limene spamc, kapulogilamu kopeleka maimelo kwa spamd, itumiza. Ngati Postfix kapena procmail iitana spamc popanda -u, spamd idzafuna-funa dzina la akaunti imene yayendetsa spamc, mwina nobody, ndipo mu tebulo la userpref, mmene zosankha zimasungidwa, mulibe dzina limenelo. Cinanso, ngati mu tebulo munalemba adilesi yonse koma spamc itumiza cabe mbali ya kumanzele kwa @, maina awiliwo sadzagwilizana. Ambili amathela tsiku lonse pa mapasiwedi pamene colakwika cili pamenepa.

Kuti muone na maso anu, imitsani spamd, muiyatsenso pamanja na -D, ndipo pa windo lina mutumize imelo yoyesela na spamc -u, kutsatila dzina la munthuyo. Mizele imene idzatuluka idzaonetsa dzina limene lafunsidwa komanso ngati database yayankha.

Ngati spamd yakana kulumikiza ku database, m'pamene muyenela kutsegula local.cf, fayilo ya zosankha za SpamAssassin. Mizele ya user_scores_dsn, user_scores_sql_username na user_scores_sql_password ikhalemo yonse, ndipo DSN, kutanthauza adilesi ya database, pa MySQL ilembedwe motele: DBI:mysql:spamassassin:localhost. Perl, cinenelo cimene SpamAssassin inalembedwamo, ifunika mamodyu a DBI pamodzi na DBD::mysql, kapena DBD::Pg ngati musewenzetsa PostgreSQL. Akaunti ya database imene munalemba mu user_scores_sql_username ipatsidwe cilolezo ca SELECT pa tebulo. Mukasintha local.cf, yatsaninso spamd. Mukasintha za mu tebulo palibe cifukwa, popeza zimawelengedwa pa imelo iliyonse.

Nanga ngati zina zigwila nchito koma zina ayi? Malamulo atsopano a header kapena body amene munthu wadzilembela amanyalanyazidwa pokhapo allow_user_rules ili pa 1, ndipo musafulumile kuitsegula pa seva ya anthu ambili. Kucokela pa mtundu wa 4.0, umene unatuluka mu December 2022, whitelist_from inapatsidwa dzina latsopano lakuti welcomelist_from, ndiye pa mtundu wakale dzina latsopanoli silidziŵika.

Pali kamsampha kena. Zosankha za onse zimasungidwa pa dzina la @GLOBAL, ndipo mizele imabwela motsatila maina, ndipo wothela ndiwo umapambana. Popeza @ imatsogola zilembo, za munthu zimaphimba za onse. Koma pa madatabase ena manambala amatsogola @, conco dzina loyamba na nambala, monga la mwana wa sukulu kapena la wanchito, lingagonje kwa @GLOBAL. Zikatelo, lembani funso lanu-lanu mu user_scores_sql_custom_query lokhala na ORDER BY woika @GLOBAL patsogolo nthawi zonse.