Momwe mungakonzere maphunziro a utsogoleri wa pa nthawi ya mavuto pa yunivesite

Laibulale ya Mzuzu University itapsa mu Disembala 2015, komanso sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, tinaona tonse kuti vuto silidikira komiti. Ogwira ntchito ambiri amadziwa za m'kalasi ndi za mu ofesi, koma chochita usiku bwana akapanda kuyankha foni sanaphunzitsidwepo. Ndimakonza maphunziro otere pa koleji ina kuno ku Mzuzu, ndipo ndimachita motere.

Yambani ndi kusankha anthu. Musangoitana akuluakulu a nthambi okha. Pakhale mkulu wa alonda, woyang'anira mahositelo, nesi wa pakiliniki, dalaivala ndi amene amayatsa jenereta, poti makiyi amakhala ndi iwowa.

Kenako malo. Ambiri amathamangira kunyanja, ku Nkhata Bay kapena ku Chintheche, koma chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zimangothera malo ogona, mafuta ndi maalawansi. Chitirani pasukulu pompo nthawi ya tchuthi, zotsalazo mugule dizilo ndi chakudya chabwino. Pa wophunzitsa samalani. Alipo ena amafuna theka la ndalama musanaone ngakhale pulogalamu, n'kubwera ndi zitsanzo za ku Ulaya zongokopera pa intaneti. Afunseni kumene anaphunzitsako, muimbe foni mumve nokha.

Gawo lofunika kuposa onse ndi kuyeserera, ndipo apa ndi pamene zinatisokonekera. Tinayeserera kuti hositelo ya atsikana yagwira moto usiku, magetsi atathima. Mlonda anali ndi nambala ya munthu amene anapuma ntchito kalekale, foni ya mlondayo yopanda mayunitsi. Kiyi wa chipinda chozimitsira magetsi anali m'thumba mwa munthu amene anali atagona kwawo ku Chibavi. Choopsa kwambiri, mabwana awiri analamula zosiyana: wina akuti ophunzira athamangire kubwalo la mpira, wina akuti adikire pakhomo. Ophunzirawo anangoima pakati, osadziwa womvera. Ukanakhala moto weniweni tikanalira.

Tsono musanayeserere, lembani papepala limodzi mayina atatu a olamula ndi manambala awo a foni motsatana: woyamba akasowa alamula wachiwiri, naye akasowa wachitatu. Pepalalo limatidwe pageti, kuhositelo ndi kukiliniki, lisangokhala pa gulu la WhatsApp, chifukwa netiweki nayo imathawa. Mugwirizanenso kuti ndani angatulutse galimoto kapena ndalama zadzidzidzi osadikira siginecha zonse, ndipo ndani yekha alankhule ndi makolo ndi atolankhani. Foni ya pageti izikhala ndi mayunitsi mwezi ndi mwezi. Apolisi ndi ozimitsa moto a khonsolo ya mzinda muwadziwitse tsiku, ophunzira muwauze kuti sabata imeneyo kukhala kuyeserera, kuti wina asadumphe pazenera ndi mantha. Mukatha, mlonda ayambe ndiye kufotokoza zimene waona mabwana asanalankhule, apo ayi angovomera kuti zonse zinayenda bwino.

Zotsalazo n'zosavuta. Tsiku lachiwiri kambiranani za kolera ndi madzi akasiya kutuluka, za sitalaka, ndi zophunzitsa pa intaneti sukulu ikatsekedwa. Lipoti likhale la masamba awiri. Masatifiketi perekani ngati ndalama zilipo. Manambala aja muziwaonanso semesita iliyonse ikamayamba.