Mathirakitala Awiri Ofanana: Ndigule Iti?

Mwati mwapeza mathirakitala awiri ang'onoang'ono, onse a injini ya mphamvu ya mahosipawa 25, ndipo mutu waima kuti mugule iti.

Yambani ndi kulemba ntchito zimene idzagwire: kulima, kutchetcha udzu, kukoka ngolo, kunyamula manyowa. Mukatero yerekezani mphamvu ya pa PTO, shafti yakumbuyo ija yozungulitsa zipangizo, osati ya injini yokha. Ya pa PTO imacheperapo nthawi zonse, ndipo ndi imene chotchetchera udzu chimadalira. Zipangizo zambiri za mathirakitala a msinkhu umenewu zimafuna PTO ya 540 rpm (yozungulira ka 540 pamphindi imodzi) ndi zokolekera zakumbuyo za saizi yotchedwa Category 1, ndiye onani ngati zanu zikulowana nazo.

Kenako kulemera. Apa ndi pomwe ambiri amapusitsika. Thirakitala yopepuka, pulawo ikaluma dothi louma, matayala amangozungulira pamodzimodzi n'kumakumba dzenje. Ine ndingatenge yolemerapo, ya 4WD (yokoka ndi matayala onse anayi), makamaka ngati munda uli wotsetsereka kapena wamatope.

Za magiya n'zachidule. Ya hydrostatic imayenda ndi kuponda kokha, yabwino pantchito yopita kutsogolo ndi kumbuyo pafupipafupi, koma imadyako mphamvu pang'ono. Yosintha magiya pamanja imakoka bwino polima mizere italiitali.

Musanalipire, akwereni onse awiri. Khotani pamalo opanikiza, imvani ngati mwendo ukufika bwino pamabuleki, yezani ngati ingalowe pakhomo la shedi. Pomaliza funsani wogulitsa ngati mafyuluta ndi malamba ali nawo pashelefu pomwepo, komanso ngati makaniko wawo amabwera kumunda ikafa.