Mmene mungadziwire ngati pulofesa wa zamabatire ndi katswiri weniweni

Mng'ono wanga anamaliza chemistry chaka chatha ndiye akufuna kukapanga masters kunja, anandibweretsera mayina atatu a mapulofesa ofufuza za zipangizo zopangira mabatire a lithium, eti achimwene ndilembere uti. Tinakhala pakhonde kuno ku Kasungu ndi foni imodzi komanso bando ya tsiku limodzi nkumawaunika mmodzimmodzi. Mukafuna kuchita zomwezo yambirani apa.

Tsegulani Google Scholar, tsamba la pa intaneti losakira mapepala a kafukufuku, ndi yaulere. Lembani dzina la munthuyo muwonjezere mawu oti battery kapena cathode (mbali ya + ya batire), chifukwa mayina ena amafanana anthu ambirimbiri, ife tinataya mphindi khumi tikuwerenga mapepala a munthu wina wofufuza za mpunga. Ngati ali ndi nambala ya ORCID, yozindikiritsa wofufuza, ya madijiti 16, ndiye mwapulumuka, imeneyo sagawana ndi wina.

Mukalowa pa pulofayilo muona Citations, h-index ndi i10-index. Citations ndi kuchuluka kwa nthawi zomwe ofufuza ena atchula mapepala ake polemba awo. h-index anayambitsa ndi Jorge Hirsch mu 2005, ikakhala 30 ndiye kuti munthuyo ali ndi mapepala 30 oti lililonse latchulidwa kosachepera ka 30. i10 imangowerenga mapepala otchulidwa ka 10 kupita mtsogolo, ine sindiyiwerengera kwenikweni.

Apa mpomwe ambiri amapusitsidwa. Amene munaperekezako fodya ku Chinkhoma mukudziwa kuti mlimi wa mabelo 40 a giredi yotsika akhoza kubwerera ndi ndalama zochepa kuposa wa mabelo 10 a fodya wabwino. Pulofesa mmodzi mwa atatu aja anali ndi mapepala mbwee moti mng'ono wanga anakomedwa pomwepo, koma titadina pa Cited by, pomwe pamaonetsa amene atchula pepalalo, tinapeza kuti omutchula ambiri ndi iye mwini ndi ophunzira ake, akungoyitanizana pakhomo pomwepo. Google Scholar sichotsa zimenezi, Scopus, tsamba lina lofanana nayo, ndi yomwe ili ndi poti uchotse zodzitchula wekha koma yonse imafuna kulipira, ndiye funsani mnzanu wa pa yunivesite ngati laibulale yawo ili nayo.

Onaninso kolamu yachiwiri, ya zaka zisanu zapitazi. Nkhani za mabatire zimathamanga, munthu akhoza kukhala ndi manambala akuluakulu a kalekale pamene labu yake panopa ili zii. Sanjani mapepala potsata chaka muone ngati akulembabe. Ndipo musiyanitse review ndi kafukufuku weniweni, review imangosonkhanitsa zomwe ena apeza ndipo imatchulidwa kwambiri chifukwa aliyense amayambira pamenepo, sikuti mwini wake watulukira kanthu. Malo a dzina nawonso amanena zambiri, woyamba nthawi zambiri ndi amene anagwira ntchito mu labu, womaliza ndi bwana wa labuyo, apakati ena amangokwera nawo matola.

Mukafuna kuona pepala lolemera lenileni sakani la John Goodenough ndi anzake la 1980, analemba ali ku Oxford, la lithium cobalt oxide, zomwe Sony inagwiritsa ntchito potulutsa batire yoyamba ya lithium-ion yogulitsa mu 1991. Kenako la 1997 ali ku University of Texas, la lithium iron phosphate (mwachidule LiFePO4), woyamba pa mayina ndi Padhi. Mabatire a sola olembedwa LiFePO4 omwe anthu akugula masiku ano kuthawa kuzimazima kwa magetsi gwero lake ndi pepala limenelo. Goodenough analandira mphoto ya Nobel mu 2019 ali ndi zaka 97 pamodzi ndi Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino.

Yoshino ameneyu ndi chifukwa chake ndimati musathere pa Scholar pokha. Iye ankagwira ntchito pa kampani ya Asahi Kasei ku Japan ndipo ntchito yake yayikulu ya 1985 inatuluka ngati patent, chiphaso cha umwini wa chinthu chomwe munthu watulukira, ndiye lembaninso dzina la pulofesa wanu pa Google Patents, kumeneko nkwaulerenso.

Chomaliza yang'anani komwe amasindikiza. Journal of the Electrochemical Society, Journal of Power Sources, Nature Energy, amenewo ndi magazini a sayansi odziwika. Mukaona dzina lachilendo loti amalonjeza kusindikiza pakatha masiku atatu ukangolipira, thawani.

Mng'ono wanga anasankha mayi wina yemwe h-index yake inali yotsika pa atatuwo koma mapepala ake a zaka zaposachedwa ndi a graphite (chakuda chija cha mkati mwa pensulo) ya ku anode, mbali ya - ya batire, ndipo omutchula ndi a m'malabu a mayiko osiyanasiyana. Poti graphite yomweyo yapezeka yambiri ku Kasiya m'boma la Lilongwe, mu imelo yake anayambira pamenepo, pano tikudikira yankho.