Momwe mungasankhire matayala a thirela yanu osanyengedwa ndi kuya kwa mano

Mathirela okokedwa ndi pikapu achuluka kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu. Ena amatutira kachewere kuchokera ku Bembeke, ena kabichi ndi tomato wopita ku Lizulu kapena pa Tsangano Turn-off, ndipo dzinja likayandikira amasenza feteleza. Matayala ake akatha, ambiri amangotenga akale a galimoto yaing'ono n'kuveka, poganiza kuti chinthu chopanda injini chingayende ndi tayala lililonse. Katundu wina amene timamuona atamwazika m'mbali mwa M1 amatayika chifukwa cha maganizo amenewa. Tayala la thirela limasenza zolemera kuposa la galimoto yaing'ono, limatha miyezi litangoima padzuwa, ndipo likayamba kuvuta woyendetsa samva msanga chifukwa lili kumbuyo kutali.

Musanapite kusitolo, gwadani pa thirela yanu muwerenge zolembedwa m'mbali mwa tayala. Tiyerekeze kuti palembedwa 185R14C 102/100. Nambala 185 ndi m'lifupi mwa tayalalo m'mamilimita, 14 ndi kukula kwa limu m'mainchesi, ndipo C akusonyeza kuti ndi tayala la katundu, la mtundu womwe amaveka ku maminibasi. Nambala yofunika kuposa zonse ndi 102, chifukwa ndi imene ikunena kulemera komwe tayalalo lingasenze. Tayala la 102 limasenza makilogalamu 850. Nambala yachiwiriyo, 100, imagwira ntchito pokhapokha matayala awiri akaphatikizidwa mbali imodzi ngati a lole, ndipo pamenepo lililonse limasenza 800. Za nambala zina zimene mudzakumana nazo: 82 ndi makilogalamu 475, 88 ndi 560, 94 ndi 670, 106 ndi 950. Zilembeni pakapepala kapena m'foni, chifukwa ogulitsa ambiri sadzakuuzani.

Tsono chitani masamu. Thirela yochokera ku fakitale imakhala ndi kachitsulo kolembedwa kulemera kwake, koma zambiri zathuzi n'zowotcherera kwa amisiri, ndiye muyenera kuwerengera nokha. Tinene kuti thirela yopanda kanthu ikulemera makilogalamu 400, ndipo mumaikamo matumba 20 a feteleza a makilogalamu 50. Zonse pamodzi ndi 1,400. Ngati ili ndi matayala awiri, lililonse likusenza pafupifupi 700. Tayala la galimoto yaing'ono lolembedwa 175/70R13 82 malire ake ndi 475 basi, ndiye kuti mwalisenzetsa makilogalamu oposa 200 pamwamba pa mphamvu yake. La 102 lija likusiyirani mpata, ndipo mpatawo ndi wofunika, chifukwa matumba a kachewere osokedwa mutu aja amalemera kuposa makilogalamu 50, komanso katundu sakhala wofanana mbali zonse ziwiri. Ine sinditenga tayala lomwe nambala yake ikungofika ndendende pa katundu wanga.

Langizo lachidule: ngati malimu anu angalole, khalani pa saizi ya 14 ya C. Poti maminibasi ambiri amayendera yomweyo, mukaphulitsa muli pa Chimbiya kapena pa Kampepuza mwayi wopeza lina ulipo. Saizi yachilendo mudzaidikira kuchokera ku Lilongwe katundu akuwola. Mukaona tayala loyamba ndi zilembo ST, monga a makalavani opangidwa ku America, dziwani kuti linapangidwira thirela yokha. N'labwino pa ntchito yake, koma musaliveke ku pikapu, ndipo ambiri a mtunduwu sayenera kupitirira liwiro la makilomita pafupifupi 105 pa ola.

Tsopano tifike pamene ine ndinaonera zakuda, pa zaka za tayala. Wogulitsa wina wa matayala a kaunjika anandipatsa awiri a C, nambala yake yokwanira bwino, mano akuya oti chala kulowa, akuda bii ngati angotuluka m'fakitale. Anyamata ake anawaveka okha ine ndikulipira. Ulendo wina ndikutsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti ndi kachewere, pamene msewu umakhotakhota ndipo kutentha kumawonjezeka uku ukutsika, ndinangomva thirela ikugwedeza galimoto. Poima ndinapeza mano onse a tayala lakumanzere asendeka ngati khungwa la mtengo, atamenya madigadi mpaka kupindika, atadulanso mawaya a magetsi akumbuyo. Mpweya unali udakalimo, koma tayalalo linatsala mawaya okhaokha. Makaniko amene anadzandithandiza atalivula anandionetsa manambala mbali imene inayang'ana m'kati: tayalalo linali litapitirira zaka khumi. Kuwala konse kuja kunali polishi.

Tsiku lopangira tayala limalembedwa patayala pomwepo. Fufuzani zilembo DOT m'mbali, pafupi ndi limu. Patsogolo pake pamabwera zilembo ndi manambala osakanikirana, ndipo kumapeto kwenikweni pali manambala anayi, kawirikawiri ali m'kabwalo kotalikirapo. Awiri oyambawo ndi sabata, awiri omalizawo ndi chaka. Mukaona 2319, tayalalo linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Mukaona 0824, ndi sabata ya 8 mu 2024. Mukapeza manambala atatu okha, linapangidwa chisanafike chaka cha 2000, lisiyeni pomwepo. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti manambala anayiwa nthawi zambiri amakhala mbali imodzi yokha ya tayala. Mbali inayo imangokhala ndi DOT ndi zilembo zochepa. Wogulitsa wachinyengo amadziwa zimenezi, ndiye amatsamiritsa matayala kukhoma mbali ya tsiku itabisika, kapena amawaveka mbaliyo itayang'ana m'kati. Litembenuzeni nokha musanatulutse ndalama. Pamalo pa manambalawo pakaoneka popalidwa kapena posalazidwa, musafunsenso mtengo.

Chifukwa chake zaka n'zofunika chonchi pa thirela n'chakuti labala amakalamba ngakhale tayala lisakuyenda. Dzuwa ndi mpweya zimamuumitsa, ndipo kumata komwe kumagwira mano ndi mawaya a m'kati kumafooka. Galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku imamaliza mano tayala lisanakalambe. Thirela imagwira ntchito nyengo yokolola kenako n'kuima kuseri kwa nyumba, ndiye mano amakhala akadali akuya pamene thupi la tayala latha kale. Kuzizira kwa ku Dedza kumabisa vutoli. Limadzaonekera tsiku lomwe mwasenza zolemera n'kutsikira kotentha ku Golomoti, ku Salima kapena ku Balaka. Opanga matayala ambiri amalangiza kuti likafika zaka zisanu liziunikidwa chaka chilichonse, ndipo likakwana zaka khumi lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino. Pa thirela ya katundu ine sindidikira khumi, zikafika zisanu ndi chimodzi ndimasintha. Ngakhale latsopano la m'sitolo liwerengeni, chifukwa ena amakhalitsa pashelefu.

Ndikudziwa kuti kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa tayala latsopano ukuwawa, ndipo ambiri sitingachitire mwina koma kupita ku kaunjika. Sindikuletsa. Koma kumeneko kuli chinyengo china, chogoba mano. Amatenga tayala lotha n'kulidula mizere yatsopano ndi mpeni wotentha. Mudzalizindikira poyang'ana pansi pa mizere: tayala labwinobwino limakhala ndi timizere todutsa chopingasa totukuka pang'ono, tosonyeza malire a mamilimita 1.6 pomwe tayala latha. Logobedwa limakhala lopanda timizereti, kuya kwake kosafanana, m'mphepete mwake mwakuthwa, pena waya akusuzumira. Likanikizeni ndi bondo kuti m'mbali mupindike, muone ngati simukutuluka ming'alu ing'onoing'ono. Pisani dzanja m'kati mufufuze zigamba. Chigamba cha pakati pa mano chingapiririke, koma cha m'mbali kapena chotupa chilichonse ayi. Ndipo funsani mitengo m'masitolo angapo, chifukwa nthawi zina kusiyana kwa la kaunjika labwino ndi latsopano la mtundu wotchipa sikufika mtengo wa matumba awiri a kachewere amene mungataye.

Zotsalazi n'zachidule. Matayala a pa ekiselo imodzi akhale a saizi imodzi ndi nambala imodzi, ndipo n'bwino kusintha onse awiri limodzi. Uzani ovekawo aike mavavu atsopano, n'zotchipa. Mpweya muyeze m'mawa musanayende, tayala lisanatenthe. Matayala a C olembedwa 8PR amafika pa mphamvu yake yonse akapopedwa pafupifupi 65 PSI (muyeso wa mpweya wa m'tayala), koma werengani nambala yolembedwa pa lanulo. Mukalipopa 30 ngati la galimoto yaing'ono, silisenzanso 850 ija, limangopindika n'kutentha. Kumenya ndi phazi sikuyeza mpweya, gulani kageji kanu.

Mukayenda makilomita pafupifupi 50 mutaveka, imani mumangenso manati. Gwirani pakati pa limu ndi dzanja. Pakatentha mowotcha, vuto ndi mabering'i osati tayala. Sipeya ikhale ya C yomweyo, ndipo yesani kunyumba ngati jeke ndi sipanala za pikapu zikukwana pa thirela. Nyengo yokolola ikatha, tsitsani katundu yense, ikani matabwa pansi pa matayala kuti asakhale m'matope, ndipo aphimbeni ndi masaka kuti dzuwa lisawawombe.